Nyamasawu, Njovu ya ku Luenha

Graça ndi Celestino, ana anga, muli aang'ono anzanu kusukulu ankakusekani kuti mayi anu amachapa ndowe kuntchito. Munkabwera kunyumba mutatupa masaya, ine n'kumakuuzani kuti alekeni. Sankanama ayi. Ndinachapadi ndowe kwa zaka zambiri, ndipo ndi ndowe zomwezo zinakuphunzitsani sukulu. Tsopano ndapuma ntchito, mawondo akana maulendo, ndipo masana kuno ku Matundo dzuwa likalusa palibe chochita koma kukhala pakhonde n'kumayang'ana Zambezi akunyezimira patali. Ndati ndilembe kuti mudzadziwe kumene ndinkapita ndikakusiyani ndi azakhali anu. Za ubwana wanga ku Angónia ndi za moyo wothawa nkhondo ku Malawi ndinakusimbirani kale pakamwa. Pano ndiyambira pa ntchito.

Pambuyo pa mtendere wa 1992

Titabwerako ku Malawi sitinapite kumudzi. Bambo anu anati ku Tete ndiye kuli ntchito, choncho tinamanga kanyumba ka mabango kuno ku Matundo. Iwo ankasenza matumba kumsika, ine ndinkagulitsa matimati. Chipwitikizi changa chinali chothyokathyoka, Chinyungwe ndinkangomva pang'ono, koma kulemba ndinkatha popeza ndinaphunzirako kutsidya kuja. Tsiku lina mnansi wathu, Baba Tomé, omwe anali motorista, oyendetsa galimoto, anandiuza kuti shefe wawo, bwana wa kuntchito kwawo, akufuna mkazi wodziwa kulemba komanso wosanyansidwa msanga. Ndinafunsa kuti kunyansidwa ndi chiyani. Iwo anangoseka, nati ndikaona komweko.

M'mawa mwake ndinawoloka mlatho wapansi mpaka kudera la mumzinda lotchedwa Francisco Manyanga. Malo a ntchitowo anali nyumba wamba yamalata, yokhala ndi galimoto yakale pabwalo. Pakhonde panakhala mayi wamfupi wa imvi zongoyamba kumene, atavala chipewa cha mlaza ndi nsapato zachimuna. Amenewa anali Dotora Amélia, ochokera kum'mwera kwa dziko, katswiri wa za mitengo ndi nyama zakutchire. Sanandifunse za sukulu. Anangokankhira beseni kwa ine ndi phazi, ndipo m'menemo munali chimbulumbulu chachikulu ngati dzungu.

"Ukuchidziwa chimenechi?" anafunsa Dotora, Baba Tomé akumasulira.

"Ndi ndowe, Dotora, koma sindikudziwa kuti ndi za nyama yanji."

"Za njovu. Pisa dzanja undiuze zomwe upeze."

Ndinapisa. Ndinkayembekezera kununkha, koma fungo lake linali la udzu wonyowa wosakanikirana ndi masese a mowa. M'katimo zala zanga zinakhudza tinthu tolimba. Ndinatulutsa njere za masawu, kenako za malambe, kenako munga wautali womwe unadutsa m'mimba mwa nyama osathyoka. Ndinaziyala pasimenti, mtundu ndi mtundu, mpaka ndinaiwala kuti pali anthu akundiyang'ana. Nditadzutsa mutu ndinapeza Dotora akumwetulira. "Ena onse amakhudza ndi chala chimodzi," anatero. "Iwe walowetsa mpaka m'chigongono. Uyambe Lolemba, Roza."

Funso la ntchito yathu linali losavuta kulimva. Aliyense amadziwa kuti mitengo imadyetsa njovu. Dotora ankafuna kudziwa ngati njovu nazo zimabweza kanthu kwa mitengo. Choncho tinkatenga njere zochokera m'ndowe ndi njere zotoledwa pansi pa mtengo, n'kuzifesa m'mizere yoyandikana, kuti tione zimene zimere msanga ndi zimene zikule bwino. Malo ofeserawo, omwe tinkawatcha viveiro, anali ku Nhartanda, kuchigwa kumene madzi ali pafupi ndipo anthu amalima madimba. Timatumba tofesera kunalibe. Tinkayenda m'makomo kupempha zitini za mafuta ophikira zotsala m'nthawi ya chithandizo, n'kuziboola pansi ndi msomali. Sefa yanga yoyamba inali waya wa pawindo womangidwa pa mkombero wa njinga.

Ndinaikonda viveiro ija kuposa mmene ndingalembere. Ndinkafika dzuwa lisanatenthe, chifunga chikadali m'madimba, ndipo ndinkayenda pang'onopang'ono pakati pa zitini. Pena ndinkapeza kamlambe katukula mutu usiku, masamba ake awiri akadali ndi dothi. Ndinkagwada n'kumakayang'ana, ndikudziwa kuti mayi wake wa kamtengoka waima kutali, kumalo kumene ine sindinafikeko, ndipo kanabwera kuno katanyamulidwa m'mimba mofunda, kakugwedezeka pa ulendo wa m'tchire. Nthawi imeneyo njovu yamoyo ndinali ndisanaionepo. Ndinkangoidziwa ndi manja.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Patapita zaka zingapo Dotora anayamba kunditenga ku kampu. Tinkapita kumudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Luenha, kumene ndowe zija zinkachokera. Ulendo unkadalira gazolio, mafuta a galimoto. Akasowa, galimoto inkakhala miyezi pabwalo nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ndipo ife tinkakwera malole a amalonda a mbuzi, n'kumaliza ulendo wapansi. M'tchire munali mudakali mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo. Lamulo la Dotora linali lakuti phazi lako liponde pokhapo pamene paponda kale mbuzi kapena njovu. Choncho zaka zonse zija ndinkayenda m'njira za njovu, phazi langa laling'ono m'kati mwa phazi lalikulu lozungulira ngati lichero.

Kumudziko tinkafikira kwa Mai Siria ndi amuna awo, Baba Fungulani. Mai Siria anali wa msinkhu wanga, wosalankhulalankhula, ndipo nyengo ya masawu bwalo lawo lonse linkafiira ndi zipatso zoyanikidwa. Baba Fungulani ndiye anali kamwa la pakhomopo. Ankatcheza kachasu wa masawu, ankaimba akamakusa mbuzi, ndipo njovu ankazitchula kuti apongozi. Nditafunsa chifukwa chake anandiyankha kuti, "Mana Roza, apongozi sukumana nawo maso ndi maso. Ukawaona akubwera umapatuka, iwonso akakuona amapatuka. Mumadya za m'munda umodzi koma simudyera mbale imodzi. Ndi mmene timakhalira ndi nzou kuno."

Tsiku lomwe ndinaziona koyamba linali la dzuwa loswa mtengo. Tinali titakhala pamthunzi wa bwemba pamwamba pa gombe, ine ndi Dotora, mtsinje utaphwa n'kutsala mchenga woyera ndi kamadzi kochepa pakati. Mpweya unkavina pamwamba pa mchengawo, moti mapiri a kutsidya ankaoneka ngati asungunuka. Kenako m'kuvina muja munatuluka zinthu zotuwa, zopanda miyendo, zikuyandama ngati mabwato. Ndinaganiza kuti ndasinza. Zinayandikira popanda phokoso lililonse, miyendo n'kumera pang'onopang'ono pansi pake, mpaka ndinaona makutu akukupiza. Patsogolo panali yaikazi yaikulu, ya mnyanga umodzi waufupi. Dotora anandigwira mkono nanong'ona kuti, "Uyo ndiye Nyamasawu. Ndowe zake wazichapa zaka zonsezi."

Dzinali anaipatsa ndi anthu a m'mudzimo chifukwa cha mmene inkakondera masawu. Inkafika pamtengo, n'kutsamiritsa chipumi pa thunthu, n'kugwedeza modekha ngati mayi akutonthoza mwana. Masawu ankagwa ngati mvula. Ikatero inkabwerera m'mbuyo kuti ana ayambe adya. Zikachoka njovu, anyani ankatsika kudzatola, kenako mbuzi, kenako akazi ndi madengu awo. Pamchenga Nyamasawu inkakumba ndi phazi ndi chitamba mpaka madzi atuluke, ndipo chitsime chomwecho masana ankamwapo nkhanga ndi ng'ombe, madzulo n'kutungapo anthu. Ndowe zikagwa, tizilombo tinkabwera kudzazikunkhuniza n'kuzikwirira, ndipo mvula ikagwa unkapeza mbande zitamera chimulu pamalo pomwepo. Ife tinkalemba zonsezi, koma ine nthawi zambiri ndinkapeza kuti cholembera chaima m'manja, ndikungoyang'ana.

Ku Nhartanda yankho linkabwera pang'onopang'ono. Mitengo ina inalibe nazo ntchito njovu. Koma ya njere zolimba inkamera msanga ikadutsa m'mimba, ndipo kutchire mbande zomera kutali ndi mayi wake ndi zimene zinkapulumuka. Nditawafotokozera Mai Siria, anangoti, "Ndiye kuti masawu a kumanda kwa agogo anga anabzala ndi iwowa." Anapitiriza kupeta masawu awo, koma ndinaona kuti nkhaniyo yawakhala pamtima.

M'zaka za m'ma 2000

Dotora anayamba kudwaladwala, ndipo anabwerera kwawo. Tsiku lochoka sanafune mwambo. Anayenda viveiro yonse atagwira ndodo, akukhudza masamba, kenako anakwera galimoto osacheuka. M'malo mwawo munabwera Shefe Mateus, wachinyamata wa njinga yamoto ndi kompyuta, wolankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Poyamba tinkasemphana, chifukwa ine ndinazolowera ntchito yoyenda ngati mthunzi wa mtengo. Koma anali munthu wachilungamo, wosachita manyazi kufunsa, ndipo tinadzagwirizana. Ndi iyeyo amene anabweretsa madotolo a nyama kudzaveka Nyamasawu lamba wa wailesi m'khosi, kuti tizidziwa kumene ili tili mumzinda. Kwa kanthawi tinkaiona ngati kadontho pa kompyuta, ikuyenda kuchoka kumtsinje kupita kumapiri. Kenako batire la lambayo linatha, lina silinabwere, ndipo kadontho kanazima.

Zinali zaka zomwe Tete anasintha nkhope. Malasha anabweretsa malole, alendo ndi nyumba zazitali. Pamlatho shapa, minibasi yathu, inkaima nthawi yaitali pamzere, ife tikuwira thukuta m'katimo. Mzinda ukamakula umafuna makala, ndipo mitengo ya tsanya ya ku Luenha inayamba kubwera m'matumba. Kumudzi kuja kunafika anthu atsopano osadziwa za upongozi wa Baba Fungulani. Analima pakati pa njira za njovu, ndipo zikadutsa ankazithamangitsa ndi moto ndi zitini. Ena ankatchera mawaya ofuna agwape, koma waya sasankha mwendo. Nyamasawu inasiya kubwera masana. Ndikaiona patali inkaima nthawi yaitali chitamba chili m'mwamba, ikununkhiza mphepo, ndipo sinkabwereranso m'mbuyo kuti ana ayambe kudya. Inkadya mofulumira ngati mlendo woopa mwini munda.

Chaka cha chilala

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanamasule. Pofika nyengo ya masawu, mudzi wonse unkadalira zipatsozo: kudya, kuphika phala, kugulitsa pamsewu. Njovu nazo zinalibe china. Anthu ndi nyama anayamba kukumana pansi pa mitengo imodzimodzi, aliyense ndi njala yake. M'gulu la Nyamasawu munali kamwana komwe waya anakadula mwendo, ndipo kankatsalira m'mbuyo kakutsimphina.

Ndinali ku Nhartanda ndikuthirira pamene Shefe Mateus anafika pa njinga yake. Anazimitsa injini koma sanatsike. "Dona Roza," anatero, "Baba Fungulani amwalira. Analawirira ku masawu, ndipo anapezeka pakati pa Nyamasawu ndi kamwana kopunduka kaja. Amene anaona akuti sanathawe n'komwe. Anavula chipewa ngati akupereka moni." Ndinakhala pansi pomwepo, pamatope. Madzi a m'chitini ankapitiriza kutayikira pamapazi panga.

Masana omwewo kuntchito kunabwera afisikali, alonda a boma oyang'anira nyama. Mkulu wawo anali bambo wotopa, wa mawu otsika. Anati lamulo latuluka kuti njovu yopha munthu iphedwe, koma gulu lathawa ndipo sakudziwa kumene lalowera. Anati, "Inu mwayenda nazo zaka zambiri. Tithandizeni. Tikapita tokha tikawombera yoyamba kuiona, ndipo ikakhala kuti si imeneyo, tidzabwereranso." Atatuluka, Shefe Mateus anatseka chitseko. Kwa nthawi yoyamba ndinamumva akulankhula pang'onopang'ono.

"Lamba anafa, kompyuta ilibe chonena. Amene angazipeze ndi inu, poona ndowe. Ikafa Nyamasawu, gulu limwazikana, ndipo kafukufuku wathu watha. Koma sindikukuuzani kuti mukane, komanso sindikukutumani. Mukati simungathe, ndikawauza kuti sitingathe."

"Nanga inu mukadatani, Shefe?"

"Sindikudziwa, Dona Roza. Ine sindinadyepo pakhomo pa Baba Fungulani. Komanso sindinakule nayo njovu ija ngati inu."

Ndinamuuza kuti ndiyankha ndikabwera kumaliro. Ulendo wonse pa lole ndinkangoona chipumi chija chitatsamira pa thunthu la mtengo. Mumtima ndinkaiikira kumbuyo. Ndinkati sinapite kukasaka munthu, inkateteza mwana, ndipo waya uja sinatchere ndi iyo. Ndinkati ndikangokhala chete masabata ochepa, masawu atha, njovu zipita kumapiri, mkwiyo wa anthu uzizira. Ndinafika kumudzi nditatsimikiza kuti ndinena kuti sindingathe.

Titaika maliro ndinakhala ndi Mai Siria kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, kuti anena kuti nyama zanu zija zandiphera mwamuna. Sanatero. Anakhala atatambasula miyendo, akuyang'ana mphasa zopanda kanthu pabwalo. Patapita nthawi anati, "Mana Roza, masawu sadikira maliro. M'nyumbamu mulibe ufa. Mkuja atsikana anga ayenera kupita kukatola." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Inu mumazidziwa. Ndiuzeni, ndiwatume?"

Sindinathe kunena kuti atumeni. Ndinkadziwa kuti kamwana kopunduka sikangafike kumapiri, ndipo Nyamasawu sikanakasiya. Gulu likanakhalabe pafupi ndi madzi ndi masawu mpaka mvula, mtsogoleri wake ali ndi mantha, atadziwa kale kuti munthu amagwa. Atsikana awiri aja ndinawanyamulapo kumsana ali makanda. Ndinagwira dzanja la Mai Siria n'kunena kuti, "Adikire kaye. Ndikubwera." Ndinadzuka n'kupita kumene afisikali anaimika galimoto yawo.

Tinanyamuka m'mawa. Kumtsinje ndinapeza ndowe za dzulo lake, n'kuziswa ndi manja monga mwa masiku onse. Munali masawu, komanso zidutswa za makoko a nsangu. Mitengo ya nsangu kuderalo inali malo amodzi okha, pamene kamtsinje kena kamathira mu Luenha. Tinayenda m'njira ya njovu, ine patsogolo. Tchire linali chete, louma, lotuwa ngati phulusa, ndipo ndinkamva ngati sindikuyenda ine, ngati ndikudzionera patali mayi wina wovala nsalu yobiriwira akutsogolera amuna a mfuti. Dzuwa litakwera tinazipeza. Zinali zitaima pamthunzi wa nsangu, zikuwodzera, makutu akuyenda pang'onopang'ono. Kuwala kunkadontha m'masamba n'kumagwera pamisana pawo. Kamwana kaja kanagona pansi pakati pa miyendo ya akuluakulu.

Mkulu wa afisikali anandinong'oneza kuti, "Ndi iti, mayi?" Panali zazikazi zazikulu zingapo, ndipo imene inali pafupi nafe sinali iyo. Ndikanaloza ina iliyonse palibe akanadziwa. Maganizo amenewo anandifikira, sindikana, koma anangodutsa. Nyamasawu inali kumapeto, lamba wakufa uja akadali m'khosi, wobisika ndi khutu. Inatembenuza mutu, mnyanga waufupi uja n'kuonekera. Sindikudziwa ngati inamva fungo langa. Ndinatukula dzanja n'kuloza.

Za kulira kwa mfuti sindilemba zambiri. Bambo uja ankadziwa ntchito yake ndipo sinavutike nthawi yaitali. Inagwada ndi miyendo yakutsogolo, kenako n'kugona cham'mbali, fumbi n'kukwera pang'onopang'ono m'kuwala muja. Zinzake zinathawa, kenako zinabwerera n'kuima mozungulira, zikuikhudza ndi zitamba, zikuyesa kuidzutsa. Afisikali anawombera m'mwamba. Pamenepo yaikazi ina inakankha kamwana kopunduka ndi chitamba, ndipo gulu lonse linawoloka mtsinje kulowera kumadzulo, likuyenda pa liwiro la kamwanako.

Minyanga anatenga a boma. Nyama inagawidwa mudzi wonse, ndipo anthu omwe anali atakhala miyezi osalawa ndiwo anaimba pobwerera. Sindinawaweruze, njala ndinaidziwa kumsasa wa othawa nkhondo. Gawo la Mai Siria linabwera m'beseni. Anaphikira ana awo, koma iwo sanadye, inenso sindinadye. Tinakhala awiri pamphasa tikutafuna masawu ouma. M'mawa mwake atsikana anatenga madengu n'kupita kukatola, ndipo madzulo anabwerako onse.

Zaka zotsiriza pa ntchito, ndi lero

Shefe Mateus ananena zoona. Njovu sizinabwererenso ku Luenha nyengo yotsatira, ngakhale inzake. Kafukufuku anatsekedwa, iye analemba zomwe tinapeza, n'kuika dzina langa pambali pa lake ndi la Dotora, kenako anasamutsidwira kumpoto. Viveiro inatsala, koma ntchito yake inasintha. Tinkafesa mbande zokabzala m'masukulu ndi m'malo omwe mitengo inatha. Njere zolimba ndinkazikhula ndi tupa kapena kuziviika m'madzi otentha, kuchita ndi manja ntchito yomwe kale inkachitika m'mimba. Ndinagwira choncho mpaka tsiku la reforma yanga, pamene ndinapuma ntchito. Mumakumbukira kuti zaka zimenezo ndinkakhala chete kwambiri, ndipo inu munkaganiza kuti ndi chifukwa cha imfa ya bambo anu yokha. Chinalipo china. Sindinong'oneza bondo kuti ndinaloza, ndipo lero atandifunsanso ndikhoza kulozanso. Koma dzanja limene linaloza ndi langa, ndipo ndimadya nalo tsiku lililonse.

Chaka chathachi, nyengo yotentha, ndinamva odi pachipata. Anali Mai Siria, atakalamba ngati ine, akutsogoleredwa ndi mwana wawo wamkulu, yemwe tsopano ndi mayi wa ana ake. Anabwera mumzinda kudzaonetsa diso lomwe linachita ng'ala, ndipo anagona kuno masiku angapo. Masana ena tinakhala pakhonde pano, mphepo yotentha ikuwomba kuchokera kumtsinje. Tinakamba za ana, za mitengo ya zinthu, za amene anatisiya. Kenako anati, "Mana Roza, apongozi anabwera."

Anandisimbira kuti manda a Baba Fungulani ali chakumtunda kwa nsangu zija, ndipo chaka chilichonse masawu akapsa amapita okha kukasesapo. Chigaza cha Nyamasawu chidakali pomwe inagwera, choyera, chachikulu moti ana amachiopa. Tsiku limenelo akusesa anamva nthambi ikuthyoka. Atayang'ana kumunsi ndi diso lawo labwinolo anaona njovu zikutuluka m'mtsinje, zazikulu ndi ana omwe. Sizinapite ku masawu. Zinalunjika pa chigaza paja n'kuima mozungulira. Zinkachisisita ndi zitamba, zina n'kumachikhudza ndi phazi mofatsa, popanda ndi imodzi yomwe yolira. Zinakhala choncho nthawi yaitali, mithunzi mpaka kusuntha.

"Zinakuonani?" ndinafunsa.

"Zinandiona. Yaikulu inatukula chitamba kuloza kwa ine, n'kutsitsanso. Iwo anali pamanda pawo, ine pa anga."

"Simunaope, Mai Siria?"

Anaseka pang'ono, akupukuta diso lodwalalo ndi nsonga ya nsalu.

"Ndinaopa, Mana Roza. Koma ndinali ndisanamalize kusesa, ndiye ndinapitiriza."